Malonje a Mlambe

Kalekale, ana inu, ndi inu akuluakulu mukunamizira kuwodzeranu, pabwinja la mudzi wina panali Mlambe wakale kwambiri. Anthu ake anali atatha, ena kusamuka, ena kumanda. Chotsala chinali zikhomo zimene ofula uchi ankakhoma pathunthu pake kuti azikwerera. Mlambe unkawasowa anthuwo koopsa. M'mphako mwake munkakhala Gologolo.

Chaka cha chilala kunabwera Njovu, m'mimba muli kulira. Anayamba kusenda khungwa, kwee, kwee. Gologolo anaona kuti nyumba yake ikupita.

"Achimwene, kodi kwanu mlendo amadya asanamve malonje?"

Njovu anati njala ilibe malonje. Gologolo anati chabwino, adye makungwa ngati mbuzi, koma mkatimo muli uchi wa mibadwo yonse, ndipo Mlambe umatsegukira yekhayo amene wamva za mwini chikhomo chilichonse. Njovu, dovu chuchuchu, anakhala pansi.

Mlambe unayamba pang'onopang'ono. "Chikhomo chapansichi ndi cha Kadzakumanja. Ankaopa njuchi, koma mkazi wake Nachisale anali ndi pakati, ankalakalaka uchi. Mwana anabadwayo ndinamuona akukwawa, ndinamuona ali ndi imvi, ndinamuona atamunyamula pachithatha."

"Nanga chachiwiri?" anafunsa Njovu.

"Chaka chamawa," anatero Gologolo. "Agogowa amatchula dzina limodzi pachaka, lachiwiri limawatsamwa."

Njovu anapita akung'ung'udza. Chaka chamawa anabwera. Chinacho anabweranso. Gologolo anafa, mwana wake anapitiriza bodzalo, kenaka mdzukulu. Uchiwo, ine ndikuuzeni, munalibe. Munali ndowe za mileme basi.

Pofika chikhomo cha makumi asanu, Njovu mano anali atatha, ndipo za uchi sankafunsanso. Ankafunsa ngati Nachisale anaudya uchi uja, ngati wakutiwakuti anabwerako kumene anapita. Tsiku lina anatsamira thunthu kuti amve bwino, osadzukanso.

Mvula itagwa, Mlambe unaitana kamdzukulu ka Gologolo. "Chipsera ichi pakhungwa langa ndi cha Njovu. Anabwera kudzandidya, koma ndi yekhayo amene anakhala pansi kundimvera." Zikhomo zosatchulidwa zinali zikadali mazanamazana.

Kaphuleni mbatata, nthano yagona pomwepa. Ndipo inu amene mumayendera okalamba chifukwa cha nkhokwe zawo, musaleke, zipitanibe. Mwina tsiku lina mudzakhala pansi.