Kalata Imene Inagona m'Buku la Nyimbo

Kumudzi wina wa kumapiri, kumene nthochi zinkabereka mpaka kufuna mphanda zozichirikiza, kunali mkulu wa mpingo amene ankasunga kiyi wa bokosi la makalata. Masiku amenewo mafoni anali asanafike kumeneko. Mudzi wonse unkalandirira makalata pa bokosi limodzi la mpingo ku positi ofesi. Lachisanu lililonse mkuluyu ankapalasa njinga kukatsegula bokosilo, ndipo Lamulungu mapemphero akatha ankaima kutsogolo n'kumaitana mayina. Kalata ya maliro, ya ntchito, ya chibwenzi, zonse zinkadzera m'manja mwake, ndipo anthu ankamukhulupirira. Analinso ndi munda wa nthochi waukulu kuposa wa aliyense, ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo.

M'mundamo munkagwira ganyu mayi wina wamasiye, amene anali ndi mwana wamkazi dzina lake Elube. Mwana ameneyu Mulungu anamupatsa maso a mtundu wina. Anzake akaona tsamba lofota ankangodutsa, koma iye ankagwada, kulitembenuza, kufuna kudziwa chalifotetsa. Kusukulu sayansi ankangoimwa ngati madzi.

Tsiku lina Elube akuthandiza amake kupalira, anapeza mkulu uja ataima ndi abambo anzake pa nthochi zisanu zodwala. Masamba ake anali atachepa, ataima njo pamodzi ngati tsache, ndipo zinali zitasiya kubereka. Mkuluyo anali pakalapakala kufotokoza kuti mnzake wa m'malire wamuthirira mankhwala chifukwa cha nsanje. Elube anagwada mwaulemu, nasenda khungwa la m'munsi mwa tsamba limodzi.

"Bambo, si mankhwala a munthu ayi. Taonani tinsabwe takudati, ndi timene tikusamutsa matendawa. Zisanuzi muzizule, muziotche, zisanapatsire zinzake."

Abambo aja anawerama, naona tinsabwe tili nyakanyaka. Wina anaseka. Kuseka kumeneko kunamulowa mkuluyo mpaka m'mafupa. Mwana wa waganyu andiphunzitse nthochi ine, pamaso pa anzanga? Nthochizo sanazule, ndipo anasungira mwanayo chakukhosi.

Chaka chimenecho bungwe lina linalengeza sikolashipu: mwana mmodzi wa dera limenelo akaphunzire sayansi ya mbewu ku yunivesite, zaka zinayi, malipiro, mabuku, chakudya ndi pogona zonse zili kwa bungwelo. Mphunzitsi wa sayansi anathandiza Elube kulemba mafomu, kenaka mphunzitsiyo anasamutsidwa kupita kutali. Mkulu uja naye analembetsa mwana wake Layisoni, ngakhale mtima wa Layisoni unali pa chiwongolero cha minibasi, osati pa mabuku.

Lachisanu lina anatsegula bokosi napeza envulopu yokhala ndi chidindo cha bungwe lija. Anaitola mwachangu. Atayang'ana dzina, silinali la mwana wake. Pobwerera anatsika njinga pansi pa mtengo wa bulugamu, natulutsa lezala, n'kutsegula kalata ya mwini wake bwinobwino ngati wakuba wozolowera. Kalatayo inati Elube wasankhidwa. Akaonekere mwezi usanathe, apo ayi malo ake apatsidwa wina.

Apa ndiye panali posankha, abale anga. Kuchokera pa mtengowo kukafika pakhomo pa mayi wamasiye sipanali patali, njinga ikanangotsetsereka yokha. Koma m'maganizo mwake anaona Elube akubwera pa galimoto, anthu akumuimirira, Layisoni wake atangoti kukamwa yasa. Anamvanso kuseka kuja kwa m'munda. Ndiye anadzinyenga kuti mwina wina amene akunenedwayo ndi mwana wake. Kung'amba kalatayo anaopa, poti ngakhale munthu woipa amafuna kadzenje kobisamo chikumbumtima. Anati, sindikutaya, ndikungosunga. Anali ndi buku la nyimbo limene mkazi wake analikuta ndi nsalu, ndipo kalatayo anailowetsa pakati pa nsaluyo ndi chikuto.

Lamulungu anaitana mayina. La Elube panalibe. Anthu akutuluka, mtsikanayo anafika n'kugwada.

"Bambo, yanga kulibe?"

"Kulibe, mwanawe. Pempherabe."

Imvani mawu amenewo! Pempherabe! Akunena zimenezo buku lili kukhwapa, kalata ili m'bukumo, mwana wagwada pamapazi ake. Kunama ndi tchimo kale, koma kunama utatsamira dzina la Mulungu ndi chinthu chonyansa, ndipo ine ndikachiganiza magazi amandiwira. Malamulungu anayi mwanayo anagwada, ndipo kanayi konse anauzidwa kuti apemphere. Iye ankapempheradi, kusala kudya kumene, mpaka anayamba kuganiza kuti mwina Mulungu amamva ana a eni minda okha. Mwezi unatha. Kalata ya Layisoni sinabwere, malo anapita kwa mwana wa dera lina.

Elube anadikira chaka, amake mphamvu zikutha. Kenaka anakwatiwa ndi munthu woumba njerwa, nayamba kugulitsa tomato pamsewu. Maso aja amene ankaona chimene akuluakulu sanachione tsopano ankasankha tomato woola pa wabwino.

Matenda aja sanadikire munthu. Anachoka pa nthochi zisanu kupita pa makumi asanu, anawoloka malire, analowa kwa mnzake amene ankamunamizira ufiti, anatsikira kudambo. Pomatha zaka zisanu ndi ziwiri mudzi umene unkadzaza malole ndi nthochi unalibe mkoko ndi umodzi womwe. Ana anasiya sukulu, achinyamata anathawira m'tauni. Mkulu uja anavala jekete napita ku ofesi ya zaulimi kukapempha katswiri. Anamuuza kuti katswiri wa matenda a mbewu alipo mmodzi yekha, ndipo midzi imene ikumudikira ndi yosawerengeka, alembetse dzina adikire. Anatuluka akukalipa kuti dziko ili lilibe anthu ophunzira. Iyeyo! Pakamwa pomwe paja!

Ndiye mpingo unakonza tsiku la mapemphero apadera, ndipo wotsogolera anali mkulu yemweyo. Anaima kutsogolo, nakweza mawu: "Ambuye, titumizireni munthu wanzeru wodziwa matenda a mbewu zathu!" Anthu anavomera, amayi ena akulira. Potenga nyimbo anakweza buku lake m'mwamba. Koma nsalu imakalamba, ndipo ulusi wa chikuto unali utatha kale. Envulopu yofiirira ndi thukuta la kukhwapa inapulumuka, n'kugwera pakati pa kanjira, kumbali ya amayi.

Amene anali pafupi anali Elube, mwana kumsana. Anatola kuti abwezere mwini wake mwaulemu, monga analeredwera. Ndiye anaona dzina lake. Anatsegula, nawerenga ataimirira. Nyimbo inafa yokha mzere ndi mzere. Mayi wa pambali pake anasuzumira, nagwira pakamwa, ndipo nkhani inayenda m'mabenchi mpaka kukhomo.

Elube sanakuwe, sanatukwane. Anapinda kalatayo m'mapindo ake akale, napita kutsogolo, nagwada monga ankagwadira kale, n'kuipereka ndi manja awiri.

"Landirani, bambo. Mwaisunga bwino."

Anatuluka. Mkuluyo anatsala chiimire, kalata m'manja, mpingo wonse ukumuyang'ana, ndipo panalibe amene anayambanso nyimbo.

Tanthauzo lake ndi ili, abale anga. Mudzi uja unkalirira Mulungu kuti atumize munthu wanzeru, pamene Mulungu anali atayankha kale zaka zisanu ndi ziwiri pemphero lisanapempheredwe. Munthuyo anamubadwitsa pakati pawo, anamupatsa maso, anakhudza mitima ya anthu akutali kuti amulipirire sukulu. Chinatsala n'chimodzi chokha, kuti wosunga kiyi apereke kalata. Sikolashipu si mphatso ya mwana mmodzi ayi. Ndi dokotala wa mwana wanu wosabadwa, ndi woyeza madzi a pachitsime chanu, ndi wopulumutsa munda wanu. Akale anati mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Mkulu uja anachenjera kaduka, ndipo anadya masamba ouma, iye pamodzi ndi mudzi wonse umene sunalakwe kanthu.

Musamuseke, poti ambiri muno muli ndi makiyi. Inu amene mukhala pa komiti n'kufufuta dzina la mwana wa mmphawi kuti mulembepo la mphwanu. Inu aphunzitsi amene fomu ikafika mumaiika m'dirowa mpaka tsiku lidutse. Inu atsibweni amene mumati mwana wamkazi ndi sayansi n'zosayenderana, akwatiwe. Inu a mpingo amene mumapeza mphamvu zogulira zokuzira mawu zinayi, koma mwana wakhoza masamu ndi sayansi mumamuuza kuti pempherabe. Mulungu sasekedwa. Nthochi zikauma munthu amadzala zina, koma zaka za Elube palibe amene angamubwezere.

Choncho musanakweze manja kupempha kuti kumwamba kutitumizire anthu anzeru, tsitsani kaye mkono, muone chimene mwapanira kukhwapa. Ngati ndi kalata ya mwana wa mnzanu, pemphero lanu lidikire. Kaperekeni lero, mwini wake asanaitole pansi.