Njati Amene Sankanena Kuti Watopa

Ku dambo la Mwalawanjuchi kunali timu ya mpira ya nyama zazing'ono, ndipo kochi wake anali Njati. Wapampando anali Nyani, yemwe sankakhutira ndi chilichonse. Timu ikapambana ndi zigoli ziwiri, iye ankafuna zinayi. Njati naye anali ndi vuto lake: mawu oti "ndatopa" sankatuluka pakamwa pake.

Ankalawirira m'bandakucha kukatchetcha bwalo ndi kutungira osewera madzi, kenako n'kuwaphunzitsa mpaka dzuwa kupendeka. Wina akavulala, womuthowa anali iye yemweyo. Timu ikagonja, akhwangwala ankamukuwiza ali m'mitengo, iye n'kungoweramitsa mutu.

Bulu, yemwe ankamuthandiza ntchito, anaona kuti nthiti za Njati zayamba kuonekera.

"Akochi, ndisiyireni zam'mawazi, inu mukagoneko m'thope," anatero Bulu.

"Ndikapuma, Nyani anena kuti ndakalamba," anayankha Njati. "Zisiye."

Pang'onopang'ono Njati anasintha. Kale ankaseka ndi osewera, koma tsopano ankangokalipa. Msipu sunkamukomeranso, ndipo mpira womwe ankaukonda uja unayamba kumunyansa.

Tsiku lolimbirana chikho litafika, Mbawala, mtsikana yemwe ankamwetsa zigoli zambiri, anabwera akutsimphina.

"Akochi, mwendowu ukundiwawa kuyambira dzana. Tauonani."

Kukanakhala kale, Njati akanagwada n'kuupapasa mwendowo. Koma mutu unali utamulemera, ndipo Nyani anali ataima poteropo akumuyang'anitsitsa.

"Aliyense pano chilipo chikumuwawa," anatero Njati osayang'ana n'komwe. "Lowa m'bwalo."

Mbawala analowa. Chigawo chachiwiri chitangoyamba anadumphira mpira, ndipo potera mwendo uja unathyoka. Timu inatengabe chikho, Nyani anavina nacho, koma Mbawala sanadzasewerenso.

Njati anasiya ntchito n'kukakhala yekha kumtsinje. Patapita miyezi, Mbawala anamupeza komweko, akuyendera miyendo itatu.

"Undikhululukire, mwana wanga," anatero Njati. "Tsiku lija unali pamaso panga, koma sindinakuone. Mphamvu zinali zitandithera kalekale."

"Ndinakukhululukirani," anayankha Mbawala. "Chondiwawa n'chakuti simunatiuze. Tinkangoti mwasiya kutikonda. Tikanadziwa kuti mwatopa, tikanakulandirani katunduyo."

Mbawala atatsanzika, Njati anafuna kumuperekeza, koma manyazi anamugwira miyendo. Anangoima m'madzimo, kumuyang'ana akutsimphina mpaka anabisika m'bango.

Phunziro: Wosamalira ena nayenso amafunika kupuma ndi kulola kuthandizidwa. Kutopa kobisa sikupweteka mwini wake yekha, kumagweranso amene akumudalira.