Kavalo Amene Anasamalidwa Ngati Ng'ombe

Panali munthu wina, dzina lake Khembo, amene anaweta ng'ombe ku Chigwa cha Shire zaka makumi anayi. Ng'ombe zake zitapita ndi madzi osefukira, anakwera kumapiri kukafuna ntchito, ndipo anaipeza pa esiteti ina ya tiyi. Kumeneko anamupatsa khola la kavalo mmodzi, wamkazi, wotuwa, amene ankamutcha Chiperoni.

Khembo anali asanagwirepo kavalo chibadwire. Koma nyama imalidziwa dzanja lozolowera nyama. Pasanathe mwezi, Chiperoni ankati akamva mgugu wa mapazi ake, ankayamba kulira pakhomo pa khola. Khembo ankamupesa m'mawa uliwonse akumuyankhula m'chinenero cha kwawo, chimene pa esiteti yonseyo panalibe wina wochimva.

Patapita chaka Chiperoni anakhala ndi bere. Miyezi itayandikira kukwana, kunabwera dokotala wa ziweto, mayi Nasimango, pa njinga yamoto. Anali wamng'ono, msinkhu wa mwana wachitatu wa Khembo.

"Bambo Khembo, ndikupempheni chimodzi chokha," anatero dokotalayo. "Akabereka, muziyang'ana nthawi. Pakatha maola atatu nsengwa, chija chimatsalira mwana akabadwa, isanagwe, mundiimbire foni. Pali jakisoni, wonga uja amabaya amayi kuchipatala akangochira. Amachititsa chiberekero kufinya, nsengwa n'kudzimasula yokha. Musakoke. Ndipo ikagwa musataye. Ndidzaiyala pansi, ndione ngati yatuluka yonse."

"Ndamva, mayi."

Anamvadi. Koma mumtima anayamba kuwerenga ng'ombe zimene anazithandizapo kuswa, mpaka chiwerengero chinamusokonekera. Ng'ombe imatha masiku awiri, ngakhale atatu, nsengwa ikulendewera, iyo ikudya msipu osadandaula. Maola atatu n'chiyani kwa nyama yaikulu chotere? Anangoti ndi mantha a kusukulu.

Chiperoni anabereka Lachiwiri m'mawa, nkhungu isanachoke m'minda ya tiyi. Kamwanako kanali kamphongo. Kanaimirira, kanagwa, kanaimiriranso, n'kupeza mawere a mayi ake. Khembo anaseka yekha, koyamba chichokereni kwawo.

Nsengwa inatsala ikulendewera. Dzuwa linakwera, linafika pamutu, linapendeka. Foni inali m'thumba la malaya. Khembo anaigwira kawiri n'kuisiya. Mwana wa eni aotche mafuta, akwere phiri lonseli, chifukwa cha chinthu chimene mbusa aliyense amachidziwa? Ntchentche zitachuluka, anachita zimene bambo ake anamuphunzitsa. Anatola chidutswa cha njerwa, nachimangirira ndi luzi kunsonga kwa nsengwa, kuti kulemera kwake kuzikoka pang'onopang'ono. Dzuwa lisanalowe, nsengwa inagwa.

Kwawo chinthu chotere sachisiya poyera. Agalu angachidye, maso angachione. Khembo anakumba dzenje lakuya kuseri kwa khola, anathiramo phulusa, n'kukwirira mwaulemu, monga akanachitira ndi nsengwa ya mwana wa m'nyumba mwake.

Lachitatu m'mawa dokotala anatulukira, atamva kwa akalaliki a pa esiteti kuti kavalo wabereka. Anasisita kamwanako, nayamikira miyendo yake. Chiperoni anali kudya, ngakhale pang'ono.

"Mwana wabadwa, ife kumva kwa anthu apanjira, bambo Khembo? Nanga nsengwa ili kuti?"

"Ndakwirira, mayi. Agalu achuluka kuno."

"Akuluakulu inu ndi makasu anu," anatero akumwetulira. "Chabwino. Koma inagwa yokha? Panthawi yake?"

Kabokosi ka mankhwala kanali pa njinga, mapazi khumi kuchokera pamene anaima. Khembo anakayang'ana. Anayang'ananso nkhope ya mtsikanayo, nkhope yomukhulupirira, yopanda chikayiko. Kutchula njerwa kunali kuvomera kuti anamva mawu ake n'kuwaponda. Ndipotu kavalo anali kudya. Choipa chinali pati?

"Inagwa yokha, mayi. Panthawi yake."

Dokotala anathokoza, anatsazika, nakwera njinga yake. Khembo anaimva ikutsetsereka mpaka phokoso linazimirira.

Lachinayi Chiperoni sanalire pomva mapazi. Khembo anamupeza ataima mwachilendo, miyendo yakutsogolo ataiponya patsogolo ngati akuopa nthaka. Ziboda zinali zotentha. M'kholamo munali fungo limene mbusa aliyense amalidziwa. Kamwana kakafuna kuyamwa, mayi ake sankatembenuka n'komwe.

Pamenepo anaimba foni. Dokotala asanatsike n'komwe panjinga, Khembo anamuuza zonse: maola aja, njerwa, luzi.

Dokotala sanamukalipire. Anavala magolovesi aatali, analowetsa dzanja, ndipo patapita nthawi anatulutsa kachidutswa kakuda, kosaposa chikhatho. Kanali katatsalira pamene njerwa inang'amba. Anabaya jakisoni uja, anatsuka m'chiberekero, anabayanso mankhwala olimbana ndi kuola. Kenaka anauza Khembo kuti aziimika ziboda za kavaloyo m'madzi ozizira, osalekeza.

"Dzulo ndinali nawo mankhwala onsewa, bambo," anatero motsitsa mawu, akusamba m'manja.

Masiku anayi Khembo anatunga madzi kumtsinje wotsika m'phiri, akuwasintha m'zidebe akangoyamba kufunda. Anamweta msipu wanthete, anaubweretsa pakamwa pa kavalo, kavalo anaununkhiza n'kuusiya. Lolemba Chiperoni anagona pansi, ndipo sanathenso kudzuka. Poizoni wa kachidutswa kaja anali atafika kumapazi, ziboda zikulekana ndi fupa. Dokotala anabweranso ndi jakisoni wina, womaliza, womugoneka kosadzukanso. Khembo anakhala pansi, nagoneka mutu wa kavaloyo pamiyendo pake mpaka unalemera.

Kamwanako kanakulira mkaka wa mbuzi wa m'botolo. Kankatsata Khembo kulikonse, ndipo othyola tiyi ankati n'zosangalatsa kuona. Iye ankangopitiriza ntchito yake.

Inu amene mwamva, musafulumire kumuweruza munthuyu. Sanali waulesi, sanali wankhanza. Njerwa ija anaimanga mwachikondi, ndi nzeru zimene zinamuthandiza zaka zambiri pakati pa ng'ombe. Kulakwa kotero tonse timalakwa, ndipo kawirikawiri kumachizika. Chimene chinatseka njira ndi yankho la m'mawa wotsatira, pamene thandizo linaima pakhomo n'kufunsa.

Adzabwera wina kwa inunso, mwina wamng'ono kwa inu, ndipo adzafunsa mwaulemu kuti zinayenda bwanji. Wodwala wanu adzakhala akudyabe, ndipo bodza lidzaoneka laling'ono. Tchulani njerwayo. Manyazi ake mudzawasenza tsiku limodzi lokha. Katundu wa bodza lija Khembo akumusenzabe.