Bokosi la Gwendoline

Katundu yense wa ku ofesi ya kazembe wa Malawi, kutsidya kwa nyanja, ankadzera m'manja mwa a Chabala, bambo wa ku Zambia amene anali ndi kaofesi pakati pa nyumba zosungiramo katundu ku Landover, kufupi ndi doko la Baltimore. Analibe sitima ngakhale imodzi. Ntchito yawo inali ya mkhalapakati: mwini katundu akawafikira, iwo ankamupezera sitima yapamadzi yokhala ndi malo, n'kumuuza doko loyenera kutsitsira. Ankadziwa doko lodzaza, njanji yoduka, ndi kampani ya bodza.

Greyson, kalaliki wa kwa kazembe, ankadziwa zonsezi. Koma mu 1983 anali ndi bokosi limene sanafune kuti munthu alidziwe. M'katimo munali makina osokera, diresi loyera, ndi kalata yofunsira ukwati Gwendoline, namwino wa ku Zomba amene anamudikira zaka zitatu. Usiku ndi usana ankalota mtsikanayo akukanula bokosilo, n'kupeza kalatayo m'mapindo a diresi.

Vuto linali lakuti a Chabala ankalembetsa chilichonse cha m'bokosi, ndipo akazi awo anali a pakamwa popepuka. Nkhani ikadafika ku Zomba bokosi lisananyamuke. Choncho Greyson anapita yekha ku doko la Baltimore, nasankha sitima yonyamuka msanga, yopita ku Beira. Pamapu, Beira anali pakhomo penipeni pa Malawi.

Analeka ndi kulemba makalata omwe, poopa kuti cholembera chingamuululire chinsinsi. Gwendoline analemba kawiri kufunsa ngati wamulakwira. Greyson ankangomwetulira, n'kuika makalatawo m'thumba la jekete, akuti yankho lili panyanja.

Masamba anayoyoka, chisanu chinabwera n'kupita. Patatha miyezi isanu ndi itatu bokosi lisanafike, Greyson anakagogoda ku Landover, mapepala ali m'manja. A Chabala anawawerenga mwakachetechete, navula magalasi.

"Beira? Mwana wanga, njanji ya kumeneko nkhondo inaidula kalekale. Ife katundu wa ku Malawi timamuzunguliritsa ku Durban. Amene anakugulitsa malo m'sitima uja, ntchito yake inathera padoko."

Anatumiza uthenga wa pa lamya wa teleksi kwa mnzawo wa ku Beira. Yankho linabwera patatha sabata: bokosi lilipo, lili panja pamodzi ndi ena mazanamazana, ndipo dzinja lonse lathera pa ilo. Anamuuza kuti angathe kulikweza sitima ina, likafike m'miyezi itatu.

"Musavutike, bambo," anatero Greyson. Dzulo lake anali atalandira kalata ya mlongo wake yonena kuti Gwendoline, atatopa ndi kulankhula ndi khoma, wakwatiwa ndi mphunzitsi wa ku Domasi.

A Chabala anamufunsa kuti m'bokosimo munali chiyani, kuti alembe pa pepala lololeza kutaya bokosilo. Greyson anatchula zinthu zitatu zija, chimodzichimodzi, ndipo bamboyo analemba osadzutsa mutu.

Akulu sananame: safunsa anadya phula.