Telala Amene Anatontholetsa Kompyuta

Panali telala wina wamasiye, munthu wa manja abwino. Mkazi wake anamusiyira kompyuta yakalekale ndi timadisiki tisanu ndi tiwiri, tija tamakona anayi tolowetsa pakakamwa kakutsogolo. Mayiyo ali chidwalire analembamo mbiri ya moyo wake, ndipo mawuwo sanasungidwe pena paliponse. Pa kadisiki komaliza analembapo dzina la mwana wawo, Mwatitha. Kameneko telala sanakawerengepo, ankadikira mwiniwake.

Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankalowetsa kadisiki kamodzi n'kumawerenga. Koma chipangizo chowerenga madisikicho chinkabuula ndi kukukuta, ngati mmene mkazi wake ankapumira masiku omaliza. Phokosolo linkamupweteka mtima koopsa.

Mwatitha anamuuza pafoni kuti, "Ababa, musachigwire chonde. Mwezi ukatha ndibwera ndi munthu woti akopere zonse."

Koma telala ndi telala basi. Zaka makumi anayi, chilichonse cholira ankachitontholetsa ndi mafuta. Anamasula chivundikiro, natenga kabotolo ka mafuta a makina osokera. Pamafunika kadontho kamodzi kokha pa kachitsulo koyendapo. Iye anathira mosaumira, mafuta mpaka kufika pa kamutu kamene kamakhudza kadisiki powerenga.

Chipangizo chinangoti zii. Ha, kukondwa kwake! Analowetsa kadisiki koyamba, mawu osatuluka. "Aka katopa," anatero, nalowetsa kachiwiri. Kenako kachitatu. Mtima uli phaphapha, anayesa tonse, mpaka kaja ka Mwatitha. Atakatulutsa anasuntha kachitseko kake, naona mafuta osakanikirana ndi fumbi atakanda mzere mozungulira. Tonse tinali choncho.

Mwezi utatha Mwatitha anabwera ndi katswiri uja. Katswiriyo anayang'ana timadisikito, napukusa mutu.

"Ababa," anafunsa Mwatitha, "nanga amayi anandilembera chiyani?"

Telala anayang'ana kabotolo ka mafuta kaja. M'nyumba munali bata lomwe ankalifuna lija.

Inu mukundimvera, kunyumba kwanu kuli wina amene amadandaula, ndipo kudandaula kwake kumakutopetsani. Mumamuthira mafuta, kamphatso kapena "basi, zatha," kuti angokhala chete. Wobuulayo akadali ndi mawu oti akuuzeni. Tsiku limene adzati zii mudzakondwa, ndipo zimene anakusungirani simudzazimvanso.