Mbewu Yatsopano ya a Nguluwe

Kalekale, chaka china cha ng'amba, Nkhwali anaima m'munda akuyang'ana tsamba limodzi la chimanga. Tsambalo linali litadzipinda ngati ndudu ya chingambwe. Koma pansi pake dawe anali biriwiri, ngati mvula ikumugwera yekha mobisa.

Ana inu dawe simumudziwa. Akulu awa akumudziwa, n'chifukwa chake ausa moyo. Ndi udzu uja wa timibulu pansi. Khasu limangoumeta; ukaudula lero, mkuja wadzuka.

Nkhwali anali mayi wamasiye, wa anapiye ambiri, ndipo mundawo unali wobwereka kwa a Nguluwe. Pangano lake linali lotere: mbewu zikafika m'mawondo, a Nguluwe ankabwera kudzasankha mbewu imodzi, ndipo imeneyo inkakhala yawo yonse, m'munda monse. Chikachita bwino chimanga, ankasankha chimanga. Ukachita bwino mtedza, mtedza. Khasu sanaligwirepo. Chomwe ankadziwa n'choti chobiriwira kwambiri ndicho chabwino.

Chaka chimenecho nyemba zinapsa ndi dzuwa. Mtedza unagwidwa khate, masamba ake n'kukwinyika. Chinatsala ndi chimanga chokha, nachonso chongopumira m'mwamba. M'mawa uliwonse Nkhwali ndi ana ake ankachotsa mbozi m'mitima ya chimangacho, jompho, jompho, jompho. Akatero, khasu m'manja. Palira, palira, palira. Dawe naye mere, mere, mere.

“Mayo, msana wanga!” anatero Nkhwali, n'kukhala pansi pamzere. “Chimangachi akachitenga, anawa sadzaona mvula ina. Akachisiya, dawe achitsamwitsa. Nanga ine ndalimira yani?”

Anakhala choncho nthawi yaitali, osalira, poti ngakhale kulira kumafuna mphamvu. Kenaka anadzuka pang'onopang'ono. Anathyola nthambi za minga, n'kutchinga pakona pomwe dawe anachindikala kwambiri. Pamwamba anafunditsapo udzu wouma, koma mosiya mpata.

Dzuwa lili paliwombo, kunamveka ngu, ngu, ngu. A Nguluwe anafika mimba ili patsogolo, pambuyo pawo a Khwangwala, amene ankakhala mboni chaka ndi chaka.

“Nankhwali! Munda umenewu, kapena manda?”

“Mwaona nokha, bambo. Tengani chimanga. Chonde, tengani chimanga muzipita, dzuwali lingakupwetekeni.”

A Nguluwe anatsinzina diso limodzi. Chiyambire, Nkhwali anali asanawapatsepo chimanga mwaufulu chonchi.

“Nanga paminga apo pali chiyani?”

“Palibe, bambo. Zinyalala chabe.”

“Zinyalala zomangira mpanda? Ukundiyesa mwana wa dzulo?”

Anakankha mingayo ndi mphuno, fwaa! Dawe uja ali ng'aning'ani, wobiriwira ngati wa m'dimba.

Nkhwali anagwira kumutu. “Ndafa ine! Bambo, imeneyi ndi mbewu yatsopano. Siopa dzuwa, siopa mbozi, sifuna manyowa. Imabereka pansi ngati mtedza, ndipo ukaibzala kamodzi sudzabzalanso moyo wako wonse.”

Tamverani bwino, ana inu. Pa zonsezi bodza linali limodzi lokha, lakuti ndi mbewu yatsopano.

A Nguluwe anafukula kambulu kamodzi, kukutu, kukutu. Kanali kotsekemera pang'ono.

“Wakuba iwe! Zabwino zotere ukubisira mwini nthaka? A Khwangwala, imvani: chaka chino ndasankha imeneyi!”

A Khwangwala anatsokomola, n'kuyang'ana kumwamba. “Mwasankha imeneyi, achimwene? Mwaionetsetsa?”

“Kodi ndinu ogontha?”

“Ayi, ndamva. Chimanga, nyemba ndi mtedza n'za mayiwa. Zatha.”

Nkhwali anagwada. “Mundisiyireko pang'ono pokha, bambo. Timibulu tochepa, ta mbewu ya chaka chamawa.”

“Ngakhale kamodzi! Ndikukudziwa iwe, ndikangotembenuka uyamba kufukula. Ndikumba lero lomwe, ndikabzale kwanga.”

Basi ntchito inayambika. Fuku, fuku, fuku, mzere ndi mzere.

“Pepani bambo, musagwetse chimanga changa, a Khwangwala akuona.”

“Ndani akufuna mapesi akowo?”

Fuku, fuku, fuku. Nkhwali anakhala pamthunzi wa mthethe, koyamba chigwere mvula yobzalira. Akaona a Nguluwe adumpha malo, ankathamangirako n'kukhalapo, mapiko tambasu, ngati akubisa kanthu.

“Choka apo! Waikira mazira pa mbewu yanga?”

Fuku, fuku, fuku. Thukuta kamukamu, mphuno yonse dothi. Pomwe dzuwa linkapendeka, m'munda munalibe dawe ngakhale wa mankhwala. Nthaka inali yofewa, dothi litakwezeka m'tsinde mwa phesi lililonse, ngati mwadutsa aganyu obandira. A Nguluwe anasenza mitolo yawo, wefuwefu, kukaikwirira m'dimba lawo lachonde kudambo.

“Ukandipeza kwanga ukufuna mbewu, ndidzakuthyola miyendo yofiirayo!”

“Sindidzafika, bambo,” anatero Nkhwali. “Ndikulumbira.”

M'mawa mwake kunacha ndi mitambo. Kunagwa kamvula kowaza, kosadzaza ngakhale chigoba cha nkhono, koma nthaka yofukulidwa ija inamwa konse. Nkhwali anadzuka mochedwa, msana ukuwawabe. Anasiya khasu pakhomo, anatenga ana ake, n'kupita kukachotsa mbozi. Kudambo, a Nguluwe anali kumanga mpanda wa minga kuzungulira dimba lawo, kuti dawe wawo asabedwe.

Mpaka lero nguluwe ikungofukula pansi. Ena amati ikukolola, ena amati ikupalira. Iyo yomwe sidziwa.

Yanga yathera pompa, wina asonkhezeko chikuni. Koma mawa wina akakuuzani za mbewu yosaopa dzuwa, yosaopa mbozi, yosafuna thukuta, muyambe mwafunsa amene ali ndi matuza m'manja.