Tsiku Limene Mfuti Inakana Zipolopolo za Overton

Ku Ilford, m'fulati ya pamwamba pa shopu yometera tsitsi, munkakhala bambo wina dzina lake Overton Chimbalanga pamodzi ndi mkazi wake Wezzie, yemwe anali namwino. Overton ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo anali munthu wamsangala, woti sungamusungire chakukhosi. Koma aliyense ali ndi pomwe pamamuyabwa. Nthenda ya mkuluyu inali mawu awiri okha: "Ndadziwa kale." Ukamuuza kuti basi yasintha njira, ndadziwa kale. Ukamuuza kuti kunja kukubwera mvula, ndadziwa kale, kenako n'kubwerako atanyowa ngati nkhuku. Wezzie ankati tsiku lomwe mwamuna wake adzafunse munthu njira, iye adzavina pamsewu anthu akuona.

Bambo ake a Overton anagwirapo ntchito yolondera nyama m'nkhalango ku Kasungu. Pantchitopo ankanyamula mfuti yakale ya boma imene anaipatsa dzina loti Nangozo, ndipo ankaikamba ngati akukamba za munthu. Atapuma ntchito anaibweza, koma pakamwa pawo sinachoke. "Nangozo akalankhula, nkhalango yonse imati zii," ankatero mkuluyo chaka ndi chaka.

Ndiye Overton, atakhala zaka zingapo m'kalabu ya owombera chandamale kumalire a London, satifiketi ya apolisi ili m'manja, anapeza mfuti yakale pamsika wa zinthu zamakedzana. Pampope wake panali nambala 256 yosonyeza kukula kwa chipolopolo, nambala yomwe ija ya Nangozo. Mtima unangoti phaa! Tsiku lomwelo anaigula n'kuimbira foni kumudzi.

"Bambo, mukamabwera ku galajuweshoni ya mdzukulu wanu, mudzawomberanso Nangozo. Ndalonjeza."

Mkuluyo anati, "Usandinamize, Overton. Zaka makumi atatu ndi zisanu sindinamve mawu ake."

Vuto linali loti zipolopolo za mfuti yamtunduwu zinasowa kalekale m'mashopu. Wozifuna amadzipangira yekha. Amatenga makoko a mkuwa a zipolopolo zina, kuwaumba pamakina kuti agwirizane ndi mfuti yake, kuyeza onga pasikelo, n'kutsekera mutu pamwamba. Luso limeneli Overton anaphunzira kwa mnzake wa kukalabu, Rogers Tembo wa ku Chipata, makaniko wa mabasi ku Tottenham, munthu woti sakhulupirira bawuti asanaliyeze.

Vuto lachiwiri linali Wezzie. "Makina anuwo ndi kabokosi kanu ka loko kosungiramo onga ndalola," anatero. "Koma mfuti m'nyumba muno, ayi. Musankhe, iyo kapena ine." Choncho mfutiyo inkagona m'chipinda chachitetezo kukalabu, ulendo wa sitima ndi mabasi awiri.

Loweruka lina Rogers anabwera kudzaona makinawo atamangidwa patebulo m'kachipinda kakang'ono. Anayang'ana makoko omwe Overton anagula, n'kukanda m'mutu.

"Ba Overton, mukalibe kuyamba, tiyeni tikapime m'kamwa mwa mfuti. Aya ma thuu-faifi-sikisi yali mitundu ibili. Ina ili na..."

"Aaa, achimwene, ndadziwa kale!" anamudula Overton akuseka. "Ine ndakula ndi mfuti imeneyi. Bambo akawombera, makoko ndinkatola ndine, n'kumawaliza ngati wezulo pa mpira wachikulunga. Khoko lake lili ndi mkombero kunsi, ngati chipewa. Ndingalizindikire ngakhale mutandimanga m'maso."

"Ija inali ya batate banu. Iyi ni yanu. Olo tengani khoko imozi chabe, yopanda kanthu, mukayese ngati ingena."

"Sitima ndi mabasi awiri chifukwa cha khoko limodzi? Pa tsiku langa la ofu? Inu a ku Zambia mumayeza ndi madzi akumwa omwe."

Rogers anatambasula manja. "Ni mfuti yanu, mudala."

Kunena chilungamo, ntchitoyo Overton anaigwira ndi mtima wonse. Akaweruka shifiti ya m'mawa ankadzitsekera m'kachipinda muja mpaka nthawi ya chakudya. Onga ankayeza kawiri, buku la malangizo lili pambali, ndipo pamenepo sankachita masewera. Makoko ankawapukuta limodzilimodzi mpaka kuwala, n'kuwandandalika m'bokosi ngati ana a kwaya. Zipolopolo makumi anayi! Khoko limodzi lopanda kanthu analisunga m'thumba la jekete, loonetsa anzake kuntchito. Analionetsa manesi, analionetsa wophika, analionetsa ndi gogo wina wachizungu amene ankaganiza kuti ndi lipisitiki. Khoko limenelo linayenda London yense, kupatula kumene kunali mfuti.

"Kodi zimenezi mwaziyesa?" anafunsa Wezzie tsiku lina atasuzumira pakhomo.

"Mayi, inu zanu ndi jakisoni. Izi tisiyireni eni ake."

"Chabwino, eni ake," anatero Wezzie, n'kubwerera kukhitchini akung'ung'udza nyimbo.

Bambo Chimbalanga anafika mwezi wa Julaye, atavala majuzi awiri ngakhale a ku London ankati kwatentha. Anali ndi milungu itatu yokha. Galajuweshoni inadutsa bwino, zithunzi zinajambulidwa, koma aliyense ankaona kuti mtima wa mkuluyo uli kwina. Tsiku lolola alendo kuwombera kukalabu linali limodzi lokha, Loweruka lomaliza, ndipo Lolemba lake ndege inali kuwabweza kumudzi. Pa msinkhu wa zaka makumi asanu ndi atatu, ndi mawondo olira pa sitepe iliyonse, iwo eni ankanena poyera kuti ulendo wotere sadzaubwerezanso. Anali atauza kale anzawo opuma ntchito ku Kasungu kuti adzawabweretsera vidiyo.

Loweruka lija anadzuka m'mamawa, kusita malaya awo akale a khaki, n'kukhala pampando kudikira ena onse. Anakwera sitima, anakwera mabasi awiri aja, osadandaula ngakhale kamodzi. Rogers anawapeza pageti. Mayi Betty, mzungu wachikulire woyang'anira bwalo lowomberapo, anawalongosolera malamulo, kenako anatulutsa mfutiyo.

Mkuluyo anailandira ndi manja awiri. Anaisisita, anainunkhiza, anaiyika paphewa, ndipo msana umene unali wopindika chifikireni unawongoka. Overton ataona zimenezo misozi inalengeza. Anatsegula bokosi lake monyadira, zipolopolo zili waliwali, mpaka azungu awiri a pafupi anabwera kudzasirira.

"Tsopano mumve, bambo," anatero.

Analowetsa chipolopolo choyamba n'kukankha chotsekera cha mfuti, chija chimayenda ngati mpiringidzo wa chitseko. Mpiringidzo unayenda, n'kuima panjira. Anabweza, anayesanso. Unaima pomwe paja. Anatenga chipolopolo chachiwiri. Chimodzimodzi. Chachitatu, chachinayi. Thukuta linayamba kutsika ngakhale kunali kamphepo.

"Ndi kafumbi chabe aka," anatero, n'kukweza chikhatho kuti amenye mpiringidzowo.

Dzanja la bambo ake linamugwira pamkono mwamphamvu yoti sankaiyembekezera. "Iwe! Mfuti sakakamiza. Ikakana yakana."

Mayi Betty anali atafika kale, ndipo anachotsa chipolopolocho n'kuika bokosi lonse pambali. Mkulu uja anapempha chimodzi, anachitembenuza, anapapasa kunsi kwake ndi chala. Kenako anasuzumira m'kamwa mwa mfuti nthawi yaitali. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Overton ankayesa akulira, koma ayi ndithu, ankaseka.

"Mwana wanga, uyu si Nangozo. Uyu ndi mng'ono wake. Mfunda ndi umodzi, koma uyu savala chipewa. Dokotala wa nyama amene tinkayenda naye anali ndi yotereyi, ndipo zipolopolo sitinkabwerekana. Wapangira mkulu zovala, n'kudzaveka mng'ono!"

"Koma nambala, bambo..."

"Nambala! Kwathu kuli a Phiri angati? Onse amavala nsapato imodzi? Ukanangondifunsa pafoni pomwe paja, ndikanakuuza uyang'ane chiyani."

Overton anacheukira Rogers. Mnzakeyo anali akuyang'ana mitambo mwachidwi chachikulu, ngati aiona koyamba.

"Achimwene," anatero Overton ndi mawu otsika, "sitingakonze pofika mawa?"

"Awe, mudala. Ifunika makoko yenangu na zoumbira zenangu. Kuitanitsa chabe ni masabata."

Ndege inali ya Lolemba.

Mayi Betty, pomva chisoni, anabweretsa kamfuti ka kalabu kophunzitsira ongoyamba kumene. Bambo Chimbalanga anakayang'ana ngati munthu wolonjezedwa ng'ombe amene wapatsidwa nkhunda, komabe anakalandira mwaulemu. Anagona pamphasa, mawondo akulira, n'kuwombera kasanu. Kamfutiko kankangoti phwi, phwi, ngati ukutsegula botolo la zakumwa. Pepala la chandamale litabwera, mabowo onse asanu anali pakati, oti n'kuwaphimba ndi chala chachikulu. Azungu anawomba m'manja, Rogers anakuwa mwachizambia kuti "Ba shikulu!" kutanthauza agogo, ndipo mkuluyo anavula chipewa n'kuwerama ngati woimba. Vidiyo inajambulidwa ndithu, ndipo kunali kuseka kokhakokha.

Koma Overton sanaseke kwenikweni. Pamalo odikirira basi anapisa manja m'matumba mwamanyazi. Chala chake chinakhudza kanthu kozizira. Anatulutsa, ndipo linali khoko lija lopanda kanthu.

"Ili wakhala nalo nthawi yonseyi?" anafunsa bambo ake.

"Milungu isanu ndi umodzi."

"Osalipititsa kukaonana ndi mwini wake?"

Overton anangoweramitsa mutu. Mkuluyo analitenga, analiika pamlomo wam'munsi, n'kuuzira. Linalira mokweza, fyoo, mpaka mayi wina wa chikwama anadzidzimuka. Linali liwu lomwe lija la pabwalo la mpira ku Kasungu, ndipo kwa kamphindi onse awiri anabwerera kwawo.

"Basi, mawu a Nangozo amene ndamva ku London ndi omwewa," anatero mkuluyo akumubwezera. Anamwetulira, koma m'maso munali madzi. "Ndinkafuna ndimumve kamodzi kokha, Overton. Sindikubisira, zandiwawa. Koma usadzimenye. Manja uli nawo, zipolopolo zako n'zokongola kuposa za kufakitale. Nyumba wamanga yabwino, mwana wanga. Tangondiuza, tilowera pati?"

Basi itafika, Overton anayang'ana nambala yake, anayang'ananso, kenako anaweramira kwa dalaivala n'kufunsa ngati ikudutsa kusiteshoni. Rogers anatulutsa foni msangamsanga kuimbira Wezzie kuti ayambe kukonzekera gule wa pamsewu uja.

Lolemba ndege inanyamuka ndi mkuluyo, vidiyo ya kamfuti ka phwi ili m'foni. Zipolopolo makumi anayi zija Overton anazimasula yekha, chimodzichimodzi, Rogers atakhala pambali akumwa tiyi. Pomafika nyengo yozizira mng'ono wa Nangozo analankhula ndithu, ndipo mawu ake anali aakulu monga ankanenera bambo aja. Koma amene anayenera kuwamva anali kutali, akumvera pafoni, n'kumafunsa kuti, "Walira kale? Netiweki inadula."

Akuluakulu sananame pamene anati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.